Chigoba cha Tutankhamun tisamangochionera golide

Akonzi,

Ndipatseniko kampata munyuzi yanuyi. Nthawi zonse chithunzi cha chigoba cha mfumu Tutankhamun ya ku Egypt chikangotuluka pa Facebook, funso la anthu ndi limodzi basi, eti golide ameneyu atagulitsidwa ndi ndalama zingati. Ine zimandiwawa ndithu. Zoona golide alipo, makilogalamu 10 ndi kakuti, koma amisiri aja sankapanga chuma choti anthu azichigomera ayi, ankapanga nkhope yoti ikatsekeredwe mumdima osaonedwanso ndi munthu. Ndipo inakhaladi choncho zaka zoposa 3,000 mpaka Howard Carter, amene anapeza mandawo mu 1922, atatsegula bokosi lamkati mu 1925.

Anthu akale a ku Egypt ankakhulupirira kuti mzimu wa munthu, umene ankautchula kuti ba, umachoka nkumabwereranso ku thupi, ndiye pamafunika nkhope yosaola yoti mzimuwo usasochere. Golide sachita dzimbiri, nchifukwa chake ankati ndi mnofu wa milungu. Tachiyang'anitsitsani pafupi. Nsidze ndi mzere wozungulira maso ndi mwala wabuluu wa lapis lazuli wochokera kutali kwambiri ku Afghanistan, koma mizere yabuluu ya pa nsalu ya kumutu ija si mwala, ndi galasi. M'makona a maso anaikamo kufiira pang'ono ngati diso la munthu wamoyo, kanthu kakang'ono koti akanatha kukasiya poti palibe akanawafunsa, koma sanakasiye. Pamphumi pali muimba ndi njoka yotukumula khosi, zoimira milungu yaikazi Nekhbet ndi Wadjet, yoteteza zigawo ziwiri za dzikolo. Ndevu zolukidwa zopindikira kumapeto ndi za Osiris, mulungu wa akufa, kutanthauza kuti mnyamata uja, amene anafa ali ndi zaka mwina 18 kapena 19, tsopano sali munthu wamba. Kumbuyo ndi m'mapewa analembako mawu a mu Buku la Akufa (mapemphero othandiza womwalira paulendo wake), otchula maso, mphumi ndi mbali zina za nkhope, iliyonse kuipereka kwa mulungu wake.

Ife a kwa gule izi siziyenera kutivuta kumva, timadziwa kuti chotuluka pa maliro suchiwerengera mtengo wa nthenga ndi penti.

Chimene chimachitika ukaiwala ulemu tinachiona mu 2014, ndevu zija zitathothoka ku miziyamu ya ku Cairo anthu nkuzimata changuchangu ndi guluu wa epoxy, guluuyo mpaka kuonekera pachibwano. Zinatengera akatswiri otsogoleredwa ndi Christian Eckmann wa ku Germany kupala pang'onopang'ono nkumatanso ndi phula la njuchi mu 2015. Ine nditaona zithunzi za guluu uja mtima unandipweteka ngati andinyozera agogo anga.

Komanso Akonzi, mukamalemba za Egypt musamangoti Tutankhamun yekhayekha. Kuli chigoba china chagolide cha mfumu Psusennes I chimene Pierre Montet anachipeza ku Tanis mu 1940, mfumuyo ili m'bokosi la siliva, koma poti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itayamba nkhani yake sinamveke kwenikweni mpaka lero ambiri sachidziwa. Tsiku lina tiikireniko chithunzi chake, chachikulu bwino choti ana athu aone maso ake.

Wowerenga wanu,
Dedza