Kalata kwa mdzukulu wanga: mmene ungayendetsere kasitima kako ndi foni

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Moni, mwana wanga. Ndakulembera kalatayi kuti uiwerenge pamodzi ndi amayi ako musanalumikize chilichonse ku magetsi. Ntchito yolowetsa pulagi mu soketi ndi yawo. Yako ndi yoyendetsa sitima, ndipo imeneyo ndiye ntchito yaikulu.

Choyamba udziwe ichi: foni silankhula ndi sitima mwachindunji. Uthenga umadutsa malo anayi. Ukakhudza batani pa foni, uthengawo umauluka pa Wi-Fi kupita ku bokosi lolamulira lija lili ndi mawaya. Bokosilo limauika mu njanji pamodzi ndi magetsi. Kuchoka mu njanji umakwera mawilo n'kukafika pa kadikoda kakang'ono kobisika m'kati mwa mutu wa sitima, ndipo kadikodako ndi kamene kamauza injini kuti izungulire. Njira imeneyi dzina lake ndi DCC. Tsiku limene sitima yakana kuyenda, usakwiyire sitimayo. Pamalo anayiwa pali pamodzi pamene uthenga waima, ndipo ntchito yako n'kupapeza.

Kasitima kako ndi ka saizi ya HO. Izi zikutanthauza kuti sitima yeniyeni ndi yaikulu maulendo 87 kuposa iko, ndipo pakati pa zitsulo ziwiri za njanji yake pali mamilimita 16.5 okha. Magetsi a mu njanjimo ndi ochepa, mavoliti pafupifupi 15, moti kukhudza ndi chala chouma sikupweteka. Komabe pali chinthu chimodzi chodabwitsa. Magetsiwo amakhalamo nthawi yonse, ngakhale sitima itaima. Sitima yaima chifukwa yauzidwa kuti iime, osati chifukwa magetsi athima ayi.

Tsopano nayi ntchito. Yalani njanji pathebulo losalala, osati pakapeti, chifukwa ubweya wake umakulungika m'mawilo. Kankha chigawo chilichonse mpaka chigwirane bwino ndi chinzake, kenako yendetsa chala pamwamba. Chala chikakodwa pamfundo, mawilo nawonso adzakodwa pomwepo. Mawaya awiri ochokera pamalo olembedwa MAIN pabokosi apite ku njanji, waya mmodzi ku chitsulo chimodzi, wina ku chinzake.

Bokosi lanu ndi la DCC-EX, choncho limatulutsa Wi-Fi yakeyake. Amayi ako akatsegula mndandanda wa manetiweki pa foni aona dzina loyamba ndi DCCEX_ ndipo kutsogolo kwake kuli zilembo ndi manambala 6. Pasiwedi yake, ngati palibe amene anaisintha, imayamba ndi PASS_ kenako zilembo zomwezo 6. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Foni idzadandaula kuti netiweki imeneyi ilibe intaneti, ndipo idzafuna kuthawira ku data. Muiuze kuti ikhale pomwepo, kapena muzimitse data n'komwe. Sitima sifuna intaneti.

Pulogalamu yoyendetsera pa foni za Android ndi Engine Driver, pomwe pa iPhone ndi WiThrottle. Muikope kaye musanalowe pa Wi-Fi ya bokosi. Ikatseguka nthawi zambiri imalipeza yokha bokosilo. Ikalephera, lembani adiresi 192.168.4.1 ndi nambala ya khomo 2560. Kenako pitani polembedwa Power mukayatse magetsi a mu njanji, pakuti bokosili likangoyaka limayamba njanji zili zozimitsa. Ambiri amaiwala zimenezi n'kumaganiza kuti agula chinthu chakufa.

Mutu uliwonse wa sitima uli ndi nambala yake, ndipo umamvera uthenga wokhala ndi nambala imeneyo basi. Dikoda yatsopano imabwera ndi nambala 3. Sankha 3 pa foni, kenako, usanakhudze liwiro, dina batani lolembedwa F0. Nyali ya kutsogolo ikayaka, dziwa kuti uthenga wadutsa malo onse anayi bwinobwino. Ngati dikoda yako ili ndi mawu, yesanso F1 ndi F2. Pa sitima zambiri zopangidwira ku America, F1 ndi belu ndipo F2 ndi hutala, koma opanga ena amasanja mosiyana, ndiye muone kapepala kamene kanabwera m'katoni.

Batani loimitsira ulipeze tsopano, sitima isanasunthe, ndipo chala chako chilizolowere. Chifukwa chake ndi ichi. Bokosi lija limangobwereza lamulo lomaliza limene linalandira. Foni ikathima, kaya batire latha, kaya wina waimba, sitima imapitirirabe pa liwiro lomwelo. Pulogalamuyi ndi bokosi zili ndi njira yoimitsa sitima zikasiya kumvana kwa masekondi angapo, koma ngakhale masekondi 10 okha ndi ambiri. Kasitima ka HO koyenda pa liwiro lofanana ndi makilomita 87 pa ola kamadutsa masentimita 28 pa sekondi iliyonse, ndiye pa masekondi 10 kayenda pafupifupi mamita atatu. Thebulo lanu silifika pamenepo. Choncho amayi ako asinthe foni kuti sikirini isamazime yokha msanga, ndipo iwe udziwe pamene pali switchi ya magetsi a bokosi.

Pokweza liwiro, kankha kachizindikiro ka pa sikirini pang'onopang'ono. Liwiro lagawidwa m'masitepe 128, ndiye ukhoza kuyendetsa sitima mwakachetechete mpaka kumaona ndodo za m'mbali mwa mawilo zikukwera ndi kutsika. Kwa ine apo ndi pamene pali kukoma kwake, kuposa kuthamangitsa mpaka mabogi kugudubuka pakona. Ukafuna kubwerera m'mbuyo, yamba waimitsa kaye.

Nanga ikavuta? Yambira pa nyali. Nyali ikamaphethira ndipo sitima ikumayenda modukizadukiza, vuto ndi litsiro. Mawilo amakhudza njanji pa kadontho kakang'ono kwambiri, ndipo fumbi lochepa ndi lokwanira kutseka magetsi ndi uthenga womwe. Amayi ako anyowetse kansalu kopanda ubweya ndi mankhwala otchedwa isopropyl alcohol, magetsi atazimitsa, n'kupukuta pamwamba pa zitsulozo. Uona mizere iwiri yakuda pansalupo. Sandipepala ayi, amakanda njanji ndipo m'mikwingwirimamo mumadzaza litsiro lina. Mafutanso asapite pa njanji.

Zonse zikathima mwadzidzidzi, ndiye kuti pachitika shoti. Chitsulo china chagwira mbali zonse ziwiri za njanji, mwina kandalama, kasikuluu, kapena wilo limene latuluka panjira. Bokosi limadula magetsi lokha kuti pasapse kanthu. Chotsa chinthucho, bwezera mawilo onse pa njanji, ndipo uyang'ane maso ali pafupi ndi thebulo, pakuti wilo limodzi lotsalira silioneka ukayang'anira pamwamba. Sitima ikamafooka malo amodzi okhaokha, makamaka kutali ndi mawaya, pali mfundo yolekera. Njanji ikatalika, pamafunika kuonjeza mawaya ena pa mita iliyonse kapena iwiri.

Tsiku limene mudzapeze mutu wachiwiri, udzaseka. Nawonso udzakhala ndi nambala 3, ndiye ukadzakankha liwiro yonse iwiri idzanyamuka limodzi. Mankhwala ake ndi kuika mutu watsopanowo wokhawokha pa kachidutswa ka njanji kolumikizidwa pamalo olembedwa PROG, n'kusintha nambala imene imasungidwa mu CV1 (ma CV ndi timalo ta m'dikoda tosungiramo manambala ouza sitima zochita). Nambala zazifupi zimalekera pa 127. Ntchito imeneyi ndi ya akuluakulu, ndipo asaiwale kulemba nambala yatsopanoyo pakapepala n'kumata pakatoni. Iwe uwapemphe kuti aikenso 10 mu CV3 ndi mu CV4. Ukatero sitima idzayamba kunyamuka ndi kuima mwapang'onopang'ono ngati yolemedwa ndi katundu, ndipo udzafunika kuyamba kuchepetsa liwiro usanafike pa siteshoni. Mutu wakale wopanda dikoda musauike pa njanji imeneyi, injini yake imalira n'kutentha mpaka kupsa.

Ukaimitsa sitima ndendende pa siteshoni katatu kotsatizana, undilembere. Undiuzenso ngati F2 ili hutala pa sitima yako. Upereke moni kwa amayi ndi abambo ako.

Ndine agogo ako okukonda.