Lipoti la Msonkhano wa Amakaniko: Minibasi Yoombera ndi Kufooka pa Chitunda

A Tcheyamani, akomiti ndi mamembala nonse, zikomo pondituma ku msonkhano wa amakaniko womwe unachitika Loweruka lapitali ku Blantyre. Ndinanyamula dandaulo lomwe munandipatsa, la galimoto zathu zakale za petulo, ma Hiace a injini ya 4Y ndi 1RZ komanso ma Bongo, zomwe zikumaombera ngati mfuti ndi kutha mphamvu zikamakwera phiri kuchokera ku Chikwawa.

Nditangofotokoza, bambo wina wachikulire yemwe amatsogolera maphunzirowo anandifunsa kuti kuomberako kukumveka kutsogolo kapena kumbuyo. Sindinathe kuyankha. Ndipo ndikudziwa kuti ambirife timangothamangira kukagula kabureta ina tisanamvetsere n'komwe.

Injini ikamayetsemulira kutsogolo, kukabureta, makamaka mukaponda moto, nthawi zambiri ndiye kuti petulo akuchepa ndipo mpweya wachuluka, kapena moto wa mapulagi ukufika pa nthawi yolakwika. Ikamaombera kumbuyo, mu ekizosi, ndiye kuti petulo wosapsa akutuluka n'kukayakira m'paipi yotentha. Kuthetheka komwe timakumva potsika phiri phazi litachoka pa moto kumabweranso ngati gasiketi ya ekizosi yabooka n'kumalowetsa mpweya.

Panali Hiace yakale yomwe tinaphunzirirapo. Tinatukula mpando, bambo aja n'kuzula mapulagi anayi n'kuwandandalika pansanza. Atatu anali ofiirira bwino, lachinayi linali lakuda ndi lonyowa petulo. Anatiuza kuti pulagi loyera mbee likusonyeza kuchepa kwa petulo, la mwaye likusonyeza kuchuluka kwake, lonyowa oyilo likulozera mkati mwa injini. Atatsegula kapu ya distributor, chipangizo chogawa moto ku mapulagi, tinaona kamzere kakuda konga kolemba ndi pensulo, pomwe moto umadumphira njira yolakwika. Mwini galimotoyo anali atasintha kale kabureta ndi pampu ya petulo, pomwe vuto linali kapu ndi waya mmodzi. Zinandikhudza, chifukwa ndi ndalama zomwezo zomwe ena mwa ife tataya chaka chino.

Pa mawaya a mapulagi, kumbukirani kuti masilinda a injinizi amawotcha motsatana 1-3-4-2. Mnyamata wotsuka injini akasinthanitsa mawaya awiri okha, galimoto iombera pomwepo. Waya wothetheka amaonekanso usiku: lizani injini pamdima, mudzaona timoto tikudumpha.

Nkhani ya taimingi, kutanthauza nthawi yomwe moto umafika ku mapulagi, inatenga nthawi yaitali. Amakaniko ambiri amatchuna ndi khutu, kupotoza distributor mpaka injini imveke bwino, koma kumveka bwino itaima sikutanthauza kuti ikoka itasenza anthu. Taimingi ikachedwa, galimoto imafooka ndi kutentha. Ikafulumira kwambiri, imalira ngati muli timiyala mukamakwera. Eni ma Bongo a petulo muchenjere ndi lamba wa taimingi, yemwe akatha amatha kulumpha dzino limodzi. Ma 4Y ndi 1RZ ali ndi tcheni, koma nalo limatamuka likakalamba.

Za mafuta tinagwirizana mwachangu chifukwa tonse tikuzidziwa. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi, ndipo wa m'zigubu yemwe timagula mafuta akasowa amabwera ndi litsiro, madzi, nthawi zina ndi parafini. Fyuluta ya petulo ikatsekeka, galimoto imayenda bwino pa msewu wosalala koma pa chitunda imatsamwa, chifukwa m'pamene ikufuna petulo wambiri. Fyuluta ndi yotchipa, tiyambire pamenepo. Timapaipi tamphira tolowa kukabureta ndi gasiketi ya manifodi nazo ziziyang'anidwa ngati sizikuba mpweya.

Zonsezi zikakhala bwino koma vuto likupitirira, ndiye poyeza kompuresheni, mphamvu yomwe silinda imapanikizira mpweya. Silinda imodzi ikatsika kwambiri kusiyana ndi zinzake, amathiramo oyilo pang'ono n'kuyezanso. Kompuresheni ikakwera ndiye maring'i a pisitoni atha, ikapanda kusintha amakayikira vavu yopsa kapena gasiketi ya hedi. Anationetsanso njira ya kapepala: kagwireni kukamwa kwa ekizosi injini ikulira pang'onopang'ono, ndipo ngati kakumakokedwera mkati, mwina vavu ya ekizosi siikutseka. Anatsindika kuti kapepalako kamangopereka chithunzithunzi, musamasule hedi chifukwa cha iko kokha.

Pali china chomwe ndikupempha kuti tichimve tonse. Ena mwa ife timachotsa air cleaner, chosefa mpweya wolowa mu injini, poganiza kuti galimoto ipuma bwino. Pa galimoto zathuzi injini ili pansi pa mpando, ndipo ikayetsemula popanda chotchingacho, lawi limatuluka pamene pakhala anthu, pafupi ndi paipi ya petulo. Chonde tisiye zimenezi, ndipo chozimitsira moto chizikhala chodzaza.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti titenge ndalama za m'thumba la gulu tigule timing light imodzi, nyali yotchunira taimingi m'malo mwa khutu, ndi choyezera kompuresheni chimodzi, zizisungidwa kwa msungichuma, membala aliyense azibwereka polemba m'kaundula. Madalaivala nawo aziti akamapereka lipoti kwa bwana azinena kuti yaombera kutsogolo kapena kumbuyo, pokwera kapena potsika, injini itazizira kapena itatentha. Ndine wokonzeka kusonyeza zomwe ndaphunzirazi pa galimoto ya membala aliyense tikamaliza msonkhano wathu wotsatira, bola abwere ndi sipanala ya mapulagi.