Ziro pa ndakatulo ya mwana wanga, mlandu wake ndi wotani?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera mu nyuzipepala yanuyi chifukwa kusukulu kwa mwana wanga ndapitako kawiri ndipo ahedi angondiuza kuti nkhaniyo aiona.

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 pa sukulu ina yoyendera konkuno ku Zomba. Aphunzitsi a Chichewa anawapatsa ntchito yoti aliyense alembe ndakatulo yokhudza kusintha kwa nyengo. Iye anasankha kulemba za nyanja ya Chilwa chifukwa agogo ake amakhala chakufupi ndi doko la Kachulu ndipo anaona ndi maso awo nyanja ikuuma mu 1995 komanso mu 2018. Anabwereka foni yanga, bandulo yake yogula ine ndemwe, n'kufunsa Meta AI, makina anzeru (AI) oyankha mafunso pa WhatsApp, kuti ndi mafunso ati omwe angawafunse agogo akewo. Inampatsa mafunso angapo, ena opanda mutu, iye anatengapo atatu basi. Loweruka anakwera galimoto kupita kumudzi ndi kope lake, anakhala pamkeka ndi agogo mpaka dzuwa kupendeka. Ndakatuloyo walemba masiku anayi, kufufuta ndi kulembanso, usiku wina magetsi atazima ndinamupeza akulemba ndi tochi ya foni atailuma pakamwa.

Muli mzere umodzi womwe sindikuuiwala, wonena za mabwato atagona chafufumimba pamatope ong'aluka ngati zidendene za agogo. Ndifunse a Mkonzi, ndi makina ati omwe anaonapo zidendene za apongozi anga?

Koma kope litabwera, pamwamba palembedwa ndi cholembera chofiira kuti "AI iyi", ziro, n'kudula mzere kawiri. Mlandu wake? Aphunzitsi anafunsa mkalasi kuti ndani anagwiritsa ntchito foni, mwana wanga poti tinamulera kuti asamaname anakweza mkono yekha. Anzake ena omwe anakopera zonse mutu mpaka kumapeto anangokhala chete ndipo malikisi awo alandira bwinobwino. Ndiye tikuwaphunzitsa chiyani anawa, kuti wonena zoona ndiye wopusa? Si ife tomwe timawauza tsiku ndi tsiku kuti safunsa anadya phula? Lero wafunsa ndiye walakwa?

Chomwe chandipweteka kwambiri n'chakuti nditapita kukafunsa, aphunzitsiwo anandiuza kuti ali ndi umboni, ati anaika ndakatuloyo mu foni yawo n'kuifunsa ngati inalemba ndi iyo ndipo inavomera. Umboni umenewo! Makinawa sasunga kaundula wa ndakatulo za ana onse a dziko lapansi kuti akafunsidwa atsegule n'kuona, amangolumikiza mawu omwe akuoneka kuti akuyenerana, ukawafunsa mowatsogolera amavomera. Ngakhale kampani ya OpenAI yomwe inatulutsa makina ena otere otchedwa ChatGPT mu 2022 inapanga chida chozindikirira zolembedwa ndi AI koma inachichotsa yokha mu 2023 itaona kuti chimaphonya kwambiri. Eni ake analephera, ndiye foni ya aphunzitsi ndi imene yatha? Mwanayo anali pompo pakhomo la ofesi, bwanji osamuitana n'kumuuza kuti alakatule, kapena afotokoze chifukwa chomwe anatchulira chilumba cha Chisi mu ndime yachitatu? Wokopera sangayankhe zimenezo, mphindi ziwiri zokha amagwidwa.

Sindikunena kuti aphunzitsi onse ndi otero ayi, ndikudziwa mavuto awo, kalasi yodzaza mpaka pakhomo, makope mulu. Koma tinene chilungamo, sukulu yomweyi ili ndi chipinda cha makompyuta chomwe chimangokhala chokhoma, makompyuta ovindikira ndi nsalu ngati maliro, chonsecho ife makolo tinkapereka ndalama zachitukuko teremu iliyonse, kulaibulale mabuku a ndakatulo ndi owerengeka masamba ena kuthothoka, ana kulimbirana buku limodzi gulu lonse. Mwana akapeza njira yake yofufuzira ndiye mukumudula miyendo. Ndipo zikuchitika ku Zomba, komwe kuli Yunivesite ya Malawi, kuli likulu la MANEB, ku Domasi kuli Malawi Institute of Education yokonza silabasi komanso koleji yophunzitsa aphunzitsi a sekondale. Ngati kuli boma lomwe nkhaniyi imayenera kumveka msanga ndi lino.

UNESCO, nthambi ya United Nations yoona zamaphunziro, inatulutsa malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka AI m'maphunziro mu 2023, ndipo sinanene kuti tithamangitse makinawa, inanena kuti ana owagwiritsa ntchito akhale a zaka 13 kupita m'tsogolo komanso aphunzitsi aphunzitsidwe. Wanga ali ndi zaka 16. Ndikupempha a Unduna wa Zamaphunziro ndi akuluakulu a maphunziro chigawo chino kuti atiuze poyera, chololedwa ndi chiti choletsedwa ndi chiti, kuti mphunzitsi aliyense asamangoweruza mmene wadzukira.

Pomwe tikudikira, sizifuna ndalama zambiri. Foni imodzi ya aphunzitsi yakwana. Auzeni makinawo alembe ndakatulo ya Chilwa, ilembeni pa bolodi, ana aisende okha, aone pomwe Chichewa chake chapindika, pomwe palibe fungo la matemba, kenako aliyense alembe yake ndi dzanja mkalasi momwemo. Wogwiritsa ntchito kunyumba alembe pansi zomwe anafunsa, basi.

Mwana wanga chibwerere kopelo sanalembenso kanthu, kope lake la ndakatulo waliponya pansi pa bedi. Lolemba ndikupitanso kusukuluko kachitatu, ndipo ulendo uno nditenga agogo ake.

Kholo lokhumudwa,
Matawale, Zomba