Makhonsolo, tiloleni tijambule tokha mapu a madera athu

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhulepo za mapu. Mapulani a chitukuko cha m'makwalala mwathu muno amajambulidwa kuofesi ndi anthu ophunzira ndithu, sindikuwanyoza, koma mjigo womwe unafa kalekale, ngalande yodzadza ndi majumbo, kamlatho ka mitengo komwe ana amawolokera popita kusukulu, amazidziwa ndi mayi wotunga madzi ndi mnyamata wa kabaza.

Pali chinthu chotchedwa OpenStreetMap, chomwe ndi mapu a pa intaneti, chinayamba ku UK mu 2004, ndi chaulere ndipo aliyense amatha kuikapo nyumba, njira, chitsime, palibe kampani yomwe inganene kuti mapuwa ndi anga. Ku Kibera mu Nairobi achinyamata anajambula dera lawo mu 2009, ku Dar es Salaam mu 2015 ophunzira a kuyunivesite anayenda ndi eni dera pa ntchito ya Ramani Huria kulemba ngalande ndi malo omwe madzi amasefukira. Kwathu konkuno zinachitikako ku Chikwawa ndi Nsanje mu 2014. Ndiye si zachilendo ayi.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi choti sizilira kuti aliyense akhale ndi foni yotachi. Kuli tsamba la pa intaneti lotchedwa Field Papers, mumapulinta kachigawo ka mapu papepala, mumakhala pansi ndi amfumu, a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), azimayi a ku banki mkhonde, agogo n'kuloza kuti madzi akakwiya amadutsa apa, inu n'kulemba ndi bolopeni, kenako wina wodziwa kompyuta amajambula pepalalo n'kulowetsa zonse mu OpenStreetMap. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023, ife a ku Blantyre tinalira maliro ochuluka ku Chilobwe, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti njira za madzi zomwe akuluakulu a m'deralo amazidziwa sizikhala patebulo pokambirana za malo omangapo nyumba.

Mavuto alipo, bandulo ndi yodula, komanso anthu afotokozeredwe bwino kuti mapuwa si chikalata cha umwini wa malo, apo ayi tiyambitsa milandu ya malire.

Pempho langa kwa makhonsolo ndi makhansala: patulani kandalama kochepa, phunzitsani achinyamata a mu wodi iliyonse, mapuwo muwapulinte akuluakulu muwamate kusukulu ndi kumsika, ndipo pamsonkhano wosankha pokumba mjigo kapena pomanga mlatho wa ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu (CDF), mapu a anthuwo akhale patsogolo.

Wokhudzidwa,
Blantyre