A Unduna wa Zaumoyo, ganizirani odwala amene akupita kunja kwa miyezi yambiri

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera mu nyuzipepala yanu pa nkhani yomwe ikuvutitsa mabanja ambiri koma palibe akuikamba poyera, nkhani ya mankhwala kwa anthu amene akupita kunja kukakhalako nthawi yaitali. Ndikunena anthu omwe amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, a khunyu, a mphumu, a ma ARV. Pempho langa ndi limodzi basi, Unduna wa Zaumoyo uike ndondomeko yolembedwa, yodziwika m'zipatala zonse, yoti munthu akanena kuti ali paulendo azipatsidwa mankhwala okwanira komanso kalata yofotokoza zomwe akumwa, zisamangotengera kuti lero wapeza adokotala omvetsa zinthu kapena ayi.

Ine ndimagwira ntchito yolandira ndi kulemba katundu pa mabasi opita ku Joni ndiye zomwe ndikunenazi ndimaziona ndi maso angawa. Pakati pa matumba a ufa, usipa, nyemba ndi mpunga wa kilombero omwe anthu amatumizira abale awo, sipalephera kaphukusi kakang'ono kokulungidwa m'jumbo ziwiri zitatu ndi selotepu mbali zonse, mwiniwake safuna kakwere pa sikelo, amafuna akapereke yekha m'manja mwa kondakitala n'kumuuza kuti chonde achimwene aka musakaike pansi pa basi. Ukakagwira umamva mapilisi akulira mkati. Amene wabweretsayo nthawi zambiri amakhala mkazi wake kapena mchemwali wa wodwalayo, watenga buku la kuchipatala la mwiniwake, wakaima pamzere ngati gadiyani, wanena kuti odwalawo sanathe kubwera lero, walandira, basi akutumiza. Sindikuwaweruza ayi, akupulumutsa moyo wa m'bale wawo m'njira yomwe akuidziwa. Koma tangoganizani, munthu akumwa mankhwala a BP chaka chathunthu osayezedwa BP yo, wa shuga osapimidwa magazi, wa ma ARV osatengedwa viral load yoyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, buku lake likungodzadza kuno iye ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town. Ndipo kaphukusiko kayende kuchokera pa Mwanza, Zobue, kudutsa kutentha kwa ku Tete, Nyamapanda, Harare mpaka kukagona pa Beitbridge, basi ikawonongeka panjira kapena katundu akagwidwa pa boda ndiye kuti munthu uja wadumphitsa masiku.

Pa nkhani ya ma ARV ndiyamikire, boma linachitapo kanthu. Kuyambira 2019 munthu amene akumwa bwino, kachilombo katsika m'magazi, amatha kulandira a miyezi 6 pakamodzi, ndipo ndi chaka chomwecho pomwe ambiri anasinthidwira ku TLD, piritsi limodzi patsiku lomwenso likuperekedwa ku South Africa, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique. Kalata ya transifa nayo ilipo kwa amene akusamuka. Ndiye njira yake tikuidziwa kale, sitikupempha chinthu chachilendo. Funso langa ndi loti bwanji zomwezi sizikuchitika kwa a BP, shuga ndi khunyu? Iwowa kawirikawiri amangopatsidwa a mwezi umodzi, mwinanso tsiku lomwe wapitalo amlodipine wa BP kulibe, metformin wa shuga watha, akuuze kuti mukagule ku famase.

Taganizirani za amayi athu akuluakulu amene amaitanidwa ndi ana awo ku Joni kuti akathandize chikuta. Amanyamuka akuti ndikakhala mwezi umodzi, koma mwana wabadwa ndi opaleshoni, mayi wake wabwerera kuntchito msanga, wolera palibe, agogo aja miyezi isanu yakwana akadali komweko. M'chikwama mwawo munali timatumba tiwiri ta pulasitiki tija tojambulidwa dzuwa ndi mwezi, dzina la mankhwala lolembedwa ndi bolopeni lomwe linafufutika kalekale ndi thukuta, ukawafunsa mumamwa chani amangoti kaja koyera kakang'ono ka m'mawa. Mankhwalawo akatha amangosiya phee, chifukwa BP siwawa, munthu amadzimva kuti ali bwinobwino mpaka tsiku lomwe wadzuka mkono ndi mwendo osagwira, pakamwa patapotoka. Wa khunyu ndiye zoopsa kwambiri, phenobarbitone kapena carbamazepine sasiyidwa mwadzidzidzi, kugwa kumabwerera mwamphamvu ndipo kumupeze ali pa sikafodi pa ntchito ya zomangamanga kapena ali pafupi ndi mbaula, mukuona nokha mapeto ake.

Ena aziti si akagule komweko, mankhwala ali mbwee ku South Africa. Alipodi, koma mankhwala ngati amenewa sagulidwa ngati Panado, pa famase amafuna pulesikilipishoni, ndiye uyambe walipira dokotala wapulayiveti ma rand omwe munthu wa maganyu alibe. Ku kliniki ya boma, malamulo aakulu a dzikolo mu gawo 27 amanena kuti aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo ndipo palibe angakanizidwe chithandizo chadzidzidzi, izi ndi zoona ndipo abale athu azidziwe. Koma tonse tinaona zomwe gulu la Operation Dudula linachita pa chipatala cha Kalafong ku Pretoria mu 2022, komanso mu 2025 pa mageti a makliniki ambiri, kuimitsa anthu kuwafunsa ziphaso ndi kubweza obwera. Mmalawi amadindiridwa masiku 30 polowa, ndipo tisanamizane, ambiri amapyola masikuwo. Munthu woteroyo mantha amamugwira olo kuyandikira pa geti la chipatala, amasankha kukhala osamwa mankhwala kusiyana ndi kufunsidwa pasipoti.

Apa ndiyankhulenso ndi apaulendo anzanga chifukwa mbali ina ndi yathu. Adokotala si a imigireshoni, musawabisire. Ngati mukudziwa mumtima kuti mukakhala miyezi 6 kapena chaka, nenani choncho, musati mwezi umodzi poopa kuti akufunsani zambiri. Pitaninso kuchipatala kukadali masabata angapo, osati dzulo lake la ulendo tikiti ili kale m'thumba, chifukwa mwina afuna akupimeni kaye kapena mankhwala ake kulibe sabata imeneyo. Chinanso chomwe chimandimvetsa chisoni ndi ichi chochotsa ma ARV m'botolo mwake kuwathira mu kabotolo ka mankhwala ena, mu envelopu, ena mu sokosi, kuti asamveke kulira mu basi anthu angadziwe. Ndikumvetsa manyaziwo ndi momwe anthufe timalozerana zala, koma m'botolo muja mumakhala kanthu kena koyamwa chinyezi ndipo sikanaikidwemo pachabe, mapilisi akakhala poyera miyezi amawonongeka. Komanso wa pa boda akapeza mapilisi 180 opanda dzina mu sokosi, mumufotokozera bwanji kuti si ogulitsa? Ikani thonje loyera pamwamba ngati vuto ndi phokoso, botolo likhale lomwelo, ndipo likhale m'chikwama chomwe muli nacho pamiyendo osati mu sutikesi ya mu tireyila.

A shuga amene amadzibaya insulin ndiye ali ndi mtolo wawo wapadera. Yosatsegula imafuna filiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, yotsegula imatha kukhala panja pafupifupi masabata anayi bola pasatenthe kwambiri, koma siyenera kuuma ngati ayisi ndipo siyenera kuwombedwa ndi dzuwa. Kumudzi ambiri amaisunga mu mtsuko wa mchenga wonyowa, nanga mu basi ya masiku awiri yodutsa ku Tete mwezi wa Okutobala asunga pati? Kafulasiki kapena kakula bokosi kakang'ono kamathandiza, botolo lokulungidwa pa kansalu lisakhudzane ndi ayisi. Pa ndege isapite ku katundu wa pansi chifukwa kumeneko kumatha kuzizira mpaka kuiwononga. Izi ndi zinthu zoti namwino angamuuze munthu mu mphindi zochepa atakhala kuti wauzidwa za ulendowo.

Okwera ndege asaganize kuti nkhaniyi ndi ya a mabasi okha. Mankhwala omwe kuno timangopatsana m'nyumba, kwina ndi mlandu waukulu. Mu 2017 mayi wina wa ku Britain anamangidwa ku Egypt atapezeka ndi mapilisi 290 a tramadol, mankhwala amphamvu opha ululu, omwe ankati akupititsira mwamuna wake wovutika msana, khoti linamugamula zaka 3. Ku United Arab Emirates, komwe achinyamata athu ndi a bizinesi amapita ku Dubai, mankhwala ngati tramadol ndi codeine ali m'gulu loyang'aniridwa mwapadera ndipo amafuna mapepala a dokotala ndi chilolezo. Ku Britain mankhwala a gulu lomweli amalola osapyola a miyezi 3 ndipo ukhale ndi kalata yosonyeza kuti ndi ako. Ku Japan komwe ena amapita kusukulu, mankhwala olemberedwa ndi dokotala akapyola a mwezi umodzi umayenera kupempha chikalata usananyamuke. Abale athu achisilamu opita ku Hajj ambiri ndi achikulire a BP ndi shuga, akayenda mitunda pa dzuwa la ku Makkah. Nanga achinyamata aja anayamba kupita ku minda ya ku Israel kumapeto kwa 2023, ma kontirakiti ake si a mwezi umodzi. Onsewa akufunika pepala limodzi lomwelo, ndipo buku lathu la kuchipatala lokhala ndi zilembo zachidule zomwe amamva ndi ogwira ntchito kuno okha silingawathandize pa eyapoti ya eni.

Kalata yomwe ndikupemphayi si yovuta. Tsamba limodzi la m'Chingerezi, dzina la wodwala monga lilili mu pasipoti, matenda ake, dzina lenileni la mankhwala osati la kampani chifukwa metformin yemweyo kwina umupeza atalembedwa Glucophage, mlingo wake, kangati patsiku, kuchuluka kwa omwe wanyamula, zotsatira za kupimidwa komaliza, siginecha ndi chidindo cha chipatala. Fomu yake itasindikizidwa n'kutumizidwa mpaka ku ma health centre, kalaliki kapena namwino angamadzaze nthawi yochepa. Munthu akafika nayo kunja dokotala wa kumeneko sayambira pa ziro, amangopitiriza, ndipo wofika ku Britain akalembetsa kwa GP, dokotala wa m'dera lomwe akukhala, ali ndi chogwirika m'manja.

Ndikudziwa chomwe a zipatala ayankhe, ati mankhwala ndi ochepa, tikapatsa mmodzi a miyezi 6 ena asanu abwerera chimanjamanja, komanso alipo onama omwe akagulitse pa msika. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, Central Medical Stores Trust, yomwe imagulira mankhwala zipatala za boma, nayo imavutika ndi kusowa kwa forex ngati wina aliyense ndipo mankhwala a boma timawaonadi akugulitsidwa m'misika. Koma yankho lake lisakhale kukana aliyense. Munthu aonetse tikiti kapena pasipoti, zilembedwe m'buku ndi mu rejisitala kuti walandira mpaka mwezi wakuti, asalandirenso kwina. Apaulendo si ochuluka kuposa odwala onse, ndipo mapilisi a BP ngati hydrochlorothiazide ndi otchipa kwambiri poyerekeza ndi kusamala munthu wa sitiroko kapena kubweretsa maliro kuchokera ku Joni, zomwe mabanja amasonkherana mpaka kugulitsa mbuzi ndi minda. Pomwe chipatala chilibe okwanira, chipereke omwe chingathe ndipo adokotala alembe pulesikilipishoni ya miyezi yotsalayo kuti amene angakwanitse akagule pa famase yovomerezeka asananyamuke. A ma medical aid nawonso amve, membala wolipira mwezi ndi mwezi akaonetsa tikiti muloleni atengeretu a miyezi yomwe akhale kunja, osamuuza kuti sisitimu imangolola a masiku 30.

A Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, inu ndi amene mukudziwa mankhwala ati ali m'gulu loyang'aniridwa mwapadera, tilembereni mndandanda wake m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, muumate pa ma depoti, pa boda ya Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, pa Chileka ndi pa Kamuzu International Airport, komanso ku ma ofesi a pasipoti komwe aliyense woganiza zotuluka amayamba wafika. Ife a mabasi tili okonzeka kumata mapepalawo pa mawindo athu ndi kumufunsa aliyense wodula tikiti ngati watenga mankhwala okwanira ndi kalata yake, mungotipatsa zoti tiziwauza.

Wowerenga wanu wokhudzidwa,
Ndirande, Blantyre