Akatilonjeza mlatho pa Mtayamoyo, afunseni za Kazungula

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya milatho, ine amene ndakalambira pa chiwongolero cha thiraki. Madzi akasefukira ku Chigwa cha Shire, kapena chisankho chikayandikira, dzina la Mtayamoyo limabwereranso pakamwa pa atsogoleri. Mtayamoyo ndi malo a pakati pa Bangula ndi Chiromo pamene msewu ndi njanji zinadulidwa ndi madzi mu 1997. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana ake, ndipo onse akuwolokabe pa bwato. Atolankhani anu amalemba lonjezo lililonse mokhulupirika, koma sindinaonepo akufunsa mafunso amene angatiuze ngati lonjezolo lili ndi miyendo. Mafunsowo ndinawaphunzira kutali ndi kwathu, pa doko la Kazungula, pamene Zambia ndi Botswana amayang'anizana pa mtsinje wa Zambezi.

Zaka zimenezo tikafuna kupita ku South Africa osadzera ku Zimbabwe, tinkatulukira ku Mchinji, n'kudutsa Chipata, Lusaka ndi Livingstone, kenako Kazungula. Pamenepo panalibe mlatho, panali pantuni, chombo chowolotsa magalimoto. Inkanyamula thiraki imodzi kapena ziwiri, n'kuwoloka mwaulesi, n'kubwerako. Mzere wa mathiraki unkatalika mpaka kumapeto kwake osaoneka. Tinkaphika nsima pansi pa ngolo, kuchapa zovala n'kuyanika pa magalasi. Ulendo wina ndinagona pamenepo masiku ambiri chifukwa pantuni imodzi inali itafa injini, ndalama ya kamba n'kundithera, bwana akuimba foni ngati ndine ndinaiwononga. Zimenezo n'zazing'ono. Mu 2003 pantuni inagubuduzika itanyamula thiraki yolemera, ndipo anthu 18 anamira. Aliyense wa ife ankakumbukira zimenezo akamakweza galimoto, chitseko chili chotsekula, phazi limodzi lili tcheru.

Maboma a Zambia ndi Botswana analengeza zomanga mlatho pa Kazungula mu 2007. Ntchito yomanga inayamba mu 2014. Mlathowo unatsegulidwa pa 10 Meyi 2021, ndi atsogoleri a mayiko awiriwo nthawi imeneyo, a Edgar Lungu ndi a Mokgweetsi Masisi. Werengani nokha: zaka zisanu ndi ziwiri palibe ndi thumba limodzi la simenti lomwe, kenako zaka zina pafupifupi zisanu ndi ziwiri za kumanga. Ife madalaivala tinkatukwana m'zaka zoyambazo, tinkati ndi bodza la andale. Ndinazindikira mochedwa kuti ntchito yaikulu inkachitika nthawi imeneyo, m'maofesi ndi m'mabwato a anthu oyeza mtsinje.

Taonani vuto la malo lokha. Pa Kazungula mayiko anayi amatsala pang'ono kugundana mitu: Zambia, Botswana, Namibia ndi Zimbabwe. Malire a Zambia ndi Botswana ndi kachidutswa ka mamita pafupifupi 150 basi, pakati pa madzi. Boma la Zimbabwe, nthawi ya a Robert Mugabe, silinalowe nawo m'ntchitoyi, ndipo zinali zodziwikiratu kuti mlathowu udzalanda magalimoto ena amene ankadzera ku Beitbridge ndi Chirundu. Amisiri olemba mapulani anaupinda mlathowo kuti usaponde madzi a eni ake. N'chifukwa chake ukamayenda pamenepo umamva chiwongolero chikukokera mbali, ndipo kutalika kwake kunafika mamita 923. Kupinda kumeneko kunawonjezera zitsulo ndi ndalama, koma kunapulumutsa ntchito yonse ku milandu ya malire. Zimbabwe inadzaonetsa chidwi mu 2018, a Emmerson Mnangagwa atalowa, mizati itaima kale.

Kenako mtsinje weniweniwo. Zambezi sadzaza tsiku limene mvula yagwa pa Kazungula. Madzi ake amachokera kutali, ku Angola ndi ku zigwa za Barotse, ndipo amafika mwamphamvu cha mu Malichi ndi Epulo, kwathu kuno mvula ikutsazika. Womanga ayenera kudziwa pamene madzi anafikapo m'chaka choipitsitsa, liwiro lake, ndiponso kuya kumene thanthwe lili pansi pa mchenga, chifukwa madzi othamanga amakumba m'tsinde mwa mzati pang'onopang'ono mpaka mzatiwo kutsala ukulendewera. Mlatho wa Kazungula anaupachika pang'ono pa zingwe zachitsulo zochokera pa nsanja zazifupi, kuti mizati italikirane, ina mpaka mamita 129, madzi ndi zinyalala zizidutsa momasuka. Ife odikira pantuni tinkaonerera mizatiyo ikutuluka m'madzi umodziumodzi, ulendo uno iwiri, ulendo wotsatira itatu.

Pano ndi pamene mtima wanga umawawa ndikaganiza za kwathu. Shire wa kumunsi ndi wovuta kuposa pamenepo, chifukwa amayenda pa dothi lofewa, ndipo Ruo akatsika ndi ukali kuchokera ku Mulanje amamukankha m'mbali n'kutsegula njira yatsopano. Mtayamoyo weniweniyo anabadwa motero. Tinaonanso mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza ku Chikwawa, umene namondwe Ana anauwononga mu 2022 usanakalambe n'komwe. Ndiye munthu akaima pa nsanja n'kunena kuti mlatho uyamba chaka chino, mtolankhani amufunse: anayeza mtsinjewo ndani, liti, ndipo lipoti lake lili kuti kuti tiliwerenge? Anayeza madzi a 2015, a namondwe Idai mu 2019 ndi a namondwe Freddy mu 2023, kapena akugwiritsa ntchito manambala a nthawi ya atsamunda?

Funso lachiwiri ndi la ndalama, ndipo pamenepa Kazungula asatinamize kuti zonse zinayenda bwino. Ntchito yonse inadya pafupifupi madola a ku America 259 miliyoni. Mbali ina inali ngongole zochokera ku African Development Bank ndi bungwe la Japan la JICA, ina inayenera kuchokera m'matumba a maboma awiriwo. Kampani ya ku South Korea ya Daewoo ndiyo inamanga mlathowo. Mu 2019 kampaniyo inaimitsa ntchito kwa kanthawi chifukwa Zambia inachedwa kulipira gawo lake. Kenako kunabwera Covid. Ngati ntchito yokhala ndi mabanki akuluakulu kumbuyo kwake inaima chifukwa cha malipiro, nanga ya kwathu yodalira bajeti ya chaka ndi chaka, kwacha ikugwa, simenti ndi zitsulo zikukwera? Kontilakitala akachoka pamalo samangosiya ntchito ili pomwepo. Makina amabwerera, amisiri amabalalika, madzi amakokolola zimene zinali theka, ndipo pobwerera mtengo umakhala wina. Choncho funsani: ndalamazo zasainidwa kale kapena zikufunidwabe? Gawo la boma lili pa tsamba liti la bajeti?

Chimene chinandidabwitsa kwambiri nditabwererako mlatho utatsegulidwa sichinali mlathowo ayi. Anamanganso maofesi a chipata chimodzi mbali zonse ziwiri, moti umaima kamodzi kokha, a kasitomu ndi oona ziphaso a mayiko onse awiri ali m'nyumba imodzi. Popanda zimenezo mzere uja ukanangosamuka kuchoka pa doko n'kukaima pa mlatho. Zofanana ndi zimene tinadzaona pa Mchinji ndi Mwami mu 2022. Pa Mtayamoyo palibe malire a dziko, koma funso ndi lomwelo: ukatsika pa mlatho upita kuti? Ngati msewu wa ku Makhanga, Muona ndi Fatima ukhala womira dzinja lililonse, tidzakhala ndi mlatho wokongola wojambulirapo zithunzi.

Ndipo pali njanji. Pakati pa mlatho wa Kazungula anayalapo njanji, poyembekezera sitima yodzachokera ku Mosetse ku Botswana kukalumikizana ndi Livingstone. Ndinaiona ili phee, yopanda kochokera ndi kolowera. Anzanga ena ankaseka kuti ndi ndalama zotayidwa. Ine sindigwirizana nawo, chifukwa kuwonjezera njanji pa mlatho womangidwa kale n'kovuta ndiponso kodula kuposa kuiganizira pachiyambi. Kwathu nkhaniyi ndi yachangu kuposa kumeneko, popeza njanji ya ku Marka ndi Nsanje singafike ku Limbe popanda kuwoloka pamalo omwewo. Atiuze msanga ngati akukonza mlatho umodzi wonyamula zonse ziwiri kapena iwiri yosiyana, ndipo amene adzalipire mbali ya njanji ndani.

Akonzi, ulendo wina nduna ikadzapita ku Bangula ndi fosholo yatsopano ndi chipewa choyera, tumizani mtolankhani amene adzapemphe kuona mapulani, lipoti la oyeza mtsinje ndi pangano la ndalama. Akakana kumuonetsa, alembe zomwezo.

Dalaivala wopuma,
Lilongwe