Lipoti la msonkhano wa magulu a zowerenga ku Blantyre

A Wapampando, a Msungichuma ndi mamembala nonse, ndabwerako bwino. Ndinanyamuka pa Bangula Lachinayi mbandakucha, minibasi inachedwa pa Ngabu ndi pa Nchalo kudikira anthu, pofika pa Thabwa kuti tiyambe kukwera phiri lija dzuwa linali litaswa kale mtengo. Malisiti a thiransipoti ndi pogona ndasunga, a Msungichuma mudzawaona Loweruka, chifukwa ndamva kuti ena akuti ndinangopita kukadya alawansi.

M'mawa kunali zolankhula za alendo, zomwezija timazidziwa. Kenako nkhani ya kukopera, anatikumbutsa za COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi zaluso, ndi lamulo la 2016, mfundo yake ndi yoti ukatenga mawu a munthu umutchule mwiniwake, basi.

Koma masana abale, ndi pomwe ndinaona kuti ulendowu sunapite pachabe. Anati aliyense aimirire anene mawu amodzi a m'buku, m'nyimbo kapena mufilimu omwe amakana kuchoka m'mutu mwake. Bambo wina wa ku Zomba, mphunzitsi wopuma, anatchula mawu a m'buku lomwe analembera mayeso zaka zoposa 40 zapitazo, akuti ngakhale dzina la amene ankawaphunzitsa analiiwala koma mawuwo anawatchula osapunthwa ndipo pomaliza mawu awo ankanjenjemera. Mtsikana wina anatengera kayankhulidwe ka anyamata omasulira mafilimu mu Chichewa aja timawamva m'mavidiyo sho, asanamalize theka la holo linali likunena naye limodzi, kuseka mpaka misozi, anthu oti sanaonanepo.

Itafika nthawi yanga ndinanena mawu a malemu agogo anga aakazi a ku Chiromo, ankawaimba posinja mapira. Ndinawanena m'Chisena momwe ankaimbira, kenako ndinamasulira kuti madzi amadziwa njira yobwerera kwawo, wosochera ndi munthu. Holo inangoti zii. Mayi wina anandipempha ndibwereze pang'onopang'ono akulemba mufoni, ndipo pa nkhomaliro anthu atatu anabwera kudzafunsa kuti agogowo anali ndani.

Ndiye apa ndi pomwe sindinagwirizane ndi anzathu a pa msonkhanowo. Anamanga mfundo yoti atulutsa kabuku ka mawu okondedwa, gulu lililonse litumize ake, koma akhale ochokera m'mabuku osindikizidwa okha, a Chichewa kapena Chingerezi. Ine ndinakweza dzanja kukana, tinagonja pa mavoti. Ndinawafunsa kuti nanga mawu omwe mwangowaombera m'manja aja ali m'buku liti? Kuno ku Chigwa cha Shire mabuku ndi owerengeka, mwana wa ku Makhanga kapena ku Tengani mawu omwe amawaloweza amawamva pa ulimba, pa utse, pa mtondo, pa wailesi ndi ku vidiyo sho. Mukati osindikizidwa okha ndiye kuti Asena ndi Amang'anja tikhala ongowerenga za anzathu.

Ndipo poti tanena za mabuku, ndisabise, zinandiwawa atafunsa kuti gulu lanu lili ndi mabuku angati. Ndinachita manyazi. Madzi a namondwe Ana atadutsa mu 2022 tinagwirizana tonse kuti tigule thiranki yachitsulo yoti tizinyamula kuthawira nayo kumtunda, ndalama tinasonkha, zinakathera ku malaya a gulu. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023 mabuku anali mu katoni pansi, ine ndi amene ndinkawayanika pa mkeka tsamba ndi tsamba, ambiri anangomatana ngati phala. Mpaka lero palibe anayankhapo kuti anasintha mfundo ija ndi ndani, ndipo Loweruka ndidzafunsanso, a Wapampando mundikhululukire.

Tsiku lachiwiri kunali masankho ndi za ndalama zolembetsera, mapepala ndabweretsa.

Ine maganizo anga ndi oti titumize za m'mabuku monga anenera, tisakangane nawo, koma tiyambenso zathu. Pa ndalama yomwe inatsala ndagula kope lachikuto cholimba, lisiti lake liliponso. Loweruka aliyense abwere ndi mawu amodzi omwe amawakonda, m'chiyankhulo chomwe anawamvera, ndi dzina la amene anawanena. Amene agogo anu ali moyo kakhaleni nawo pakhonde musanabwere, muwafunse zomwe ankaimba posinja, tsamba loyamba ndalembapo kale a agogo anga.